Msilikali Amene Adabwerako ndi Nyimbo

Nkhani yokambidwa pa Biriwiri, m'boma la Ntcheu, pa tsiku lokumbukira asilikali akale



Chaka ndi chaka, Lamulungu lachiwiri la November, nthawi ikangokwana 11 koloko m'mawa, anthu amaima njo kwa mphindi ziwiri pa zipilala zachikumbutso ku Zomba, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Lipenga limalira, akuluakulu a boma amayala nkhata zamaluwa, kenaka aliyense amabwerera kwawo. Mwambowu ndi woyenera ndipo ndimaulemekeza. Chimene chimandivuta n'chakuti anthu amene timawakhalira cheteyo sadali anthu achete. Ankaimba poguba, ankaimba m'sitima zapamadzi, ankaimba usiku m'misasa akapukwa kwawo, ndipo amene adapulumuka adabwera nazo nyimbozo kumudzi. Mfuti adaibweza kwa eni ake tsiku limene adawamasula, koma nyimbo palibe adawalanda. Tsono lero ndikufuna tikumbukire msilikali mmodzi amene nyimbo idali ntchito ya moyo wake wonse, kuti iyeyo atithandize kuona bwino anzake a m'midzi mwathu muno, amene mayina awo sali pa chipilala chilichonse. Ndikunena malemu a Alick Nkhata.

Achinyamata ambiri dzinali mukulimva koyamba. Mukadzapita ku Lusaka mudzaupeza msewu waukulu wotchedwa Alick Nkhata Road, ndipo m'mbali mwa msewuwo ndi momwe muli likulu la wayilesi ya boma la Zambia, ZNBC. Koma agogo anu amene adakula m'zaka za m'ma 1950 sadawadziwire pa chikwangwani cha msewu. Adawadziwira pa mawu, chifukwa mawu a bambo amenewa ankafika mpaka m'makonde a kuno ku Ntcheu.

A Nkhata adabadwa mu 1922 ku Kasama, kumpoto kwa dziko limene nthawiyo linkatchedwa Northern Rhodesia. Bambo awo adali Mtonga, mayi awo Mbemba. Adabadwira pamalo pamene fungo la nkhondo lidali lisanathe. Zaka zinayi zokha m'mbuyo mwake, mu November 1918, asilikali a Germany otsogozedwa ndi von Lettow-Vorbeck adalowa m'Kasama, ndipo uthenga woti nkhondo yatha ku Ulaya udawapeza pafupi ndi mtsinje wa Chambeshi patapita masiku angapo chithere. Iyi ndi nkhondo yoyamba ya dziko lonse, imene makolo athu adaitcha ya Chiwaya. Dziko lathu la Nyasaland, limene lidali ndi anthu ongopitirira pang'ono 1 miliyoni, lidapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga pafupifupi 200,000. Amtengatengawa ankawagwira m'midzi, n'kuwasenzetsa katundu ulendo wa miyezi, ndipo ambiri adafera m'njira ndi njala, kamwazi ndi chibayo, osaona ndi mdani yemwe. Mbusa John Chilembwe adaziona izi zikubwera, ndipo mu November 1914 adalembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti amphawi akukafera nkhondo yosakhala yawo.

Nanga amene adabwerako adabwera ndi chiyani? Ndalama zidali zochepa ndipo zidatha msanga. Chimene chidatsala, chimene chilipo mpaka lero, ndi magule. Beni wa Ayao ku Mangochi ndi ku Machinga, malipenga a ku Nkhata Bay ndi ku Karonga, mganda wa ku Dowa, ku Ntchisi ndi ku Kasungu, onsewa adakula ndi kufalikira ndi anthu amene adaona perete wa asilikali. Mukadzaonera mganda, muyang'anitsitse. Amuna avala makabudula ndi malaya oyera mbee, ositidwa ndi simbi ya makala mpaka mzere wa kabudula kuthwa, masokosi ofika m'mawondo, aima m'mizere yowongoka, ng'oma yaikulu ili patsogolo. M'dzanja aliyense wagwira kachipanda koboola, pabowopo amatapo nembanemba ya kangaude, ndipo akauziramo mawu kamalira mokhala ngati lipenga la mkuwa. Ku malipenga gulu lililonse limatchedwa boma, ndipo lili ndi mfumu yake, kaputeni wake ndi dokotala wake. Anthu amene ankathamangitsidwa ndi chikoti adatenga perete yemweyo n'kumusandutsa wawo. Pa bwalo la mganda wolamula amasankhidwa ndi anzake, palibe amakwapulidwa, ndipo dzuwa likalowa onse amabwerera kunyumba amoyo. Ine ndimati imeneyi ndi imodzi mwa nzeru zazikulu zimene anthu athu adachita m'nthawi ya atsamunda, ngakhale kuti m'mabuku a sukulu amangoitchula mongodutsa.

A Nkhata adaphunzira zauphunzitsi, koma nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itabuka adalowa usilikali, ndipo adafika mpaka ku Burma, dziko limene lero likutchedwa Myanmar. Kumeneko kudalinso anyamata a kuno kwathu, chifukwa Nyasaland idatumiza amuna pafupifupi 28,000 ku nkhondo imeneyi, ambiri mwa iwo m'gulu la King's African Rifles, limene kumudzi tinkangoti Keyala. Anyamata a Keyala adayamba kumenyana ndi asilikali a Italy ku Moyale mu 1940, n'chifukwa chake kambi ya asilikali ku Mzuzu ili ndi dzina limenelo. Adapitirira ku Ethiopia, ku Madagascar mu 1942, ku Ceylon, kenaka ku Burma. Mu 1944 gulu la 11th East African Division lidatumidwa kutsika chigwa cha Kabaw m'kati mwa dzinja, nthawi imene magulu ena ankati nkhondo siyendeka. Mvula inkagwa usana ndi usiku, magalimoto ankatitimira, chakudya ankachita kuponya ndi ndege, malungo ankagwetsa anthu ambiri kuposa zipolopolo za asilikali a Japan. Pofika December chaka chomwecho adali atafika pa mtsinje wa Chindwin.

Taganizani mnyamata wa ku Ntcheu, amene asanalembedwe usilikali sadapitirirepo Balaka, ali m'msasa umodzi ndi Mbemba, Mkamba wa ku Kenya ndi Mganda wa ku Uganda. Wamva magalamafoni, waonera mafilimu a makaubowi, wagwirako gitala ya mnzake. Nkhondo itatha anyamata otere adabwera ndi magitala ndi mabanjo, ndipo kuimba kwa anthu awiri, wina pa banjo wina pa gitala, kudatenga malo m'madansi a m'midzi kwa zaka zambiri. Amene adalibe ndalama yogulira adapanga zawo: chigubu cha mafuta kapena mkombero wa mtengo wokuta ndi chikopa cha mbuzi, mpini wosema ndi kasemasema, nsambo za waya wa buleki ya njinga. Mukamamva banjo ya Allan Namoko ndi Chimvu River Jazz Band, dziwani kuti njira imene adayendamo idalambulidwa ndi anthu obwera ku nkhondo ndi obwera ku migodi.

A Nkhata atavula yunifolomu sadabwerere m'kalasi. Adayamba kuyenda ndi Hugh Tracey, mzungu wobadwira ku England amene ankazungulira maiko a kuno ndi makina ojambulira mawu, kutola nyimbo za m'midzi. Tracey yemweyu adajambulanso kuno ku Nyasaland mu 1950, 1957 ndi 1958, ndipo mawu a agogo athu oimba bangwe ndi kalimba akusungidwa mpaka lero ku International Library of African Music, pa Rhodes University ku South Africa. Pa ntchito imeneyi a Nkhata adaphunzira chinthu chimene ophunzira ambiri a nthawi yawo sankachikhulupirira, chakuti nyimbo ya mayi wosinja pamtondo ndi yoyenera kuisunga mofanana ndi nyimbo ya m'buku la kwaya.

Cha m'ma 1950 adalowa ntchito ku wayilesi ya Central African Broadcasting Station ku Lusaka. Wayilesi imeneyinso idabadwa ndi nkhondo: idayamba mu 1941 kuti mabanja azimva za kumene kudapita ana awo. Nkhondo itatha idakula n'kumaulutsira anthu akuda a maiko atatu, Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland, m'Chinyanja, Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chishona ndi Chindebele. Vuto lidali lakuti mawayilesi adali okwera mtengo ndiponso ofuna magetsi. Mkulu woona zofalitsa nkhani kumeneko, Harry Franklin, adanyengerera kampani ya Ever Ready kuti ipange kawayilesi ka batire kotsika mtengo, ndipo mu 1949 kadatuluka. Kadali kozungulira, kachitsulo, kopaka utoto wobiriwira ngati mtambo, kooneka ngati sefuliya, motero kadatchuka ndi dzina lakuti Saucepan Special. Mtengo wake udali mapaundi 5, batire lake masheleni 25.

Kawayilesi kameneka kakafika pamudzi, kankakhala ka mphunzitsi, ka mwini sitolo kapena ka munthu wobwera ku Joni, koma kankamvedwa ndi mudzi wonse. Madzulo anthu ankadzaza pakhonde, ana pansi, akuluakulu pamipando, mwiniwake akupotokola pang'onopang'ono kufuna Lusaka m'kati mwa phokoso, uku akudandaula za batire. Pulogalamu imene inkakondedwa kwambiri idali ya Zimene Mwatifunsa. Mwamuna amene ali ku Salisbury, ku Wankie kapena ku Kitwe ankalemba kalata kupempha nyimbo yopita kwa mkazi wake ndi makolo ake kumudzi. Inu mukudziwa kuchuluka kwa amuna a boma lino amene adapita kukasaka ndalama ya msonkho kunja, ena mpaka kutchona. Kwa mayi amene watha zaka zitatu osalandira kalata, kumva dzina la mwamuna wake pa wayilesi udali umboni woti munthuyo ali moyo ndipo sadaiwale kwawo.

M'nyumba ya mphepo imeneyi a Nkhata adali muulutsi, womasulira ndiponso woimba. Adayamba ndi kagulu ka anthu anayi, kamene kadakula n'kukhala Lusaka Radio Band, pambuyo pake Big Gold Six. Ankaimba m'Chibemba, m'Chinyanja ndi m'zilankhulo zina. Luso lawo lidali lotenga nyimbo ya kumudzi, kuiika pa gitala, kuyalapo mawu atatu kapena anayi ogwirizana mwaukhondo, koma osaichotsa mtima wake, moti nkhalamba inkaizindikira ndipo mnyamata wa m'tauni ankaivina. Ankapekanso zawo zonena za moyo watsopano: mowa, chikondi cha m'tauni, ukwati wosokonekera chifukwa cha ndalama, mnyamata woiwala makolo. Sankalalata. Ankalangiza moseketsa, mwaulemu, mwa munthu amene waona zambiri. Nthawi imeneyo ophunzira ena ankati za kumudzi n'zachikunja, pamene akumudzi ena ankati gitala ndi ya mahule ndi zidakwa. A Nkhata adakana kusankha mbali, ndipo pamenepa ndi pamene ine ndimawapatsira ulemu waukulu. Amene akufuna kudzimvera yekha, nyimbo zawo zina zidasonkhanitsidwa mu 1991 ndi kampani ya RetroAfric ya ku London pa chimbale chotchedwa Shalapo.

Musaganize kuti udali moyo wofewa. Wayilesiyo idali ya boma la atsamunda, ndipo pamene azungu ankakakamiza Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chidayamba mu 1953, aulutsi akuda ndiwo ankawerenga nkhani zimene anthu sankafuna kumva. Mphekesera zidabuka zoti ogwira ntchito pa wayilesiyo adagulidwa, ena mpaka kumati ndi banyama, anthu opopa magazi. Amene mukukumbukira mmene nkhani ya anamapopa idavutira ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Thyolo mu 2017 mukudziwa kuti mphekesera yotere imapha. Chaka chomwecho cha 1953, kuno kwathu Inkosi Gomani II idauza anthu ake kuti akane malamulo a malimidwe posonyeza kukana Chitaganya. Boma lidaichotsa pampando, apolisi adafika ku Lizulu, ndipo mfumuyo, ili yodwala, idadumpha malire omwewa pamodzi ndi mbusa Michael Scott. Apwitikizi adaibweza, ndipo idamwalira mu 1954 ku chipatala cha Malamulo. M'masiku otere munthu wakuda woyankhula pa wayilesi ya boma ankayenda pakati pa moto uwiri. A Nkhata sadathawe ntchitoyo, ndipo sadagulitse anthu awo. Adapitiriza kujambula ndi kuulutsa nyimbo za anthu akuda m'zilankhulo zawo, ndipo nthawi yomenyera ufulu itafika adaimbira chipani cha UNIP cha Kenneth Kaunda. Zambia italandira ufulu mu 1964 adakwera mpaka kukhala mkulu wa wayilesi ya dzikolo, adatsogoleranso nthambi ya boma yoona zachikhalidwe, ndipo mu 1974 adapuma n'kupita kukalima ku famu yawo ku Mkushi.

Apa mpamene nkhani yawo imandiwawa. Munthu amene adapulumuka ku Burma ankayenera kukalamba pakhonde pake, gitala pamwendo, zidzukulu zitamuzungulira. Koma mu October 1978 ndege ndi asilikali a boma la Ian Smith la Rhodesia adalowa m'Zambia kukaphulitsa misasa ya ZIPRA, gulu la Joshua Nkomo. Adaphulitsa msasa wa Chikumbi pafupi ndi Lusaka, ndi wina ku Mkushi, kufupi ndi famu ya a Nkhata. A Nkhata adaphedwa pa chiwembu chimenecho ali ndi zaka 56. Nkhondo ya eni ake idawapeza pakhomo.

Anthu a pa Biriwiri simufunika kukufotokozerani mmene nkhondo ya dziko loyandikana nalo imalowera m'nyumba. Kuyambira mu 1986 mudaona abale athu a ku Angonia ndi ku Tsangano akuwoloka msewu wa M1 uwu ndi mitolo pamutu, mpaka Malawi idasunga othawa nkhondo oposa 1 miliyoni. Mudagawana nawo minda, zitsime ndi manda, kufikira mtendere utasainidwa ku Rome mu October 1992. Ndipo mukukumbukira kuti ngakhale m'misasa ya othawa kwawo ng'oma inkalira, makwaya ankaimba, ana ankavina.

A Nkhata sadaone ukalamba, koma anzawo ambiri a Keyala adauona, ndipo tidakula tikuwaona m'midzi muno. Nkhalamba ya jekete lothetheka koma lochapa bwino, mamendulo atalendewera pachifuwa, nsapato zopukuta ngakhale zidang'ambika, msana wowongoka pamene anzake onse adawerama. Tinkawapatsa moni, nthawi zina tinkawaseka akayamba kulamula perete m'Chiswahili atalawako masese. Boma lidamangira ena nyumba pafupi ndi kambi ya Cobbe ku Zomba, ndipo bungwe la asilikali akale la VELOM limagulitsa maluwa ofiira a poppy chaka chilichonse kuti liwathandize. Thandizo limenelo ndi lofunika, ndipo n'zochititsa manyazi kuti nthawi zambiri lakhala lochepa. Koma pali umphawi wina umene tidawapatsa ife eni, umene sufuna bajeti ya boma kuti uthe. Tidaona mendulo, osafunsa munthuyo. Sitidafunse kuti ankaimba nyimbo yanji sitima ikunyamuka pa Mombasa, adaphunzira kuti kusoka, kujambula kapena kuimba banjo, ndani adapeka nyimbo imene gulu lawo linkaguba nayo. Timanena tokha kuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma ambiri mwa akuluakulu amenewa tidawaika m'manda pamodzi ndi zonse zimene ankadziwa.

Kuti muone kusiyana kwake, tamvani izi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, mphunzitsi wa mbiri yakale pa Chancellor College, Melvin Page, adayenda m'midzi pamodzi ndi ophunzira ake kufunsa nkhalamba zimene zidaona nkhondo ya Chiwaya. Zimene adatola zidatuluka m'buku lotchedwa The Chiwaya War m'chaka cha 2000. Nkhalamba zonsezo zidapita kalekale, koma mawu awo alipo chifukwa wina adakhala pansi n'kufunsa nthawi isanathe. Mawu a a Nkhata aliponso chifukwa adajambulidwa. Woimba banjo wa m'mudzi mwanu, amene mwina ankaposa onsewa, watsala m'mutu mwa anthu awiri kapena atatu okha, nawonso okalamba.

Ife Angoni tilibe chifukwa cholepherera pa nkhani imeneyi, poti makolo athu adatisonyeza kale njira. Mu 1896 asilikali a atsamunda adapha Inkosi Gomani Chikuse pa Dombole, ndipo nkhondo za Angoni a kuno zidathera pomwepo. Koma chishango, nthungo ndi chibonga sizidatayidwe kudzala. Zidalowa m'bwalo. Ngoma imene timavina lero, amuna akuponda pansi mpaka fumbi koboo, amayi akuwomba m'manja ndi kuyimbira, ndi nkhondo imene idasanduka luso. Chaka chilichonse pa Umhlangano ku Nkolimbo timaona ndi maso kuti chimene chasunga dzina la Angoni a Maseko mbali zonse ziwiri za malire awa ndi nyimbo ndi gule. Ngati tidatha kusunga chikumbutso cha ankhondo a Gomani mwa njira imeneyi, tingalephere bwanji kusunga cha ana athu amene adapita ku Burma ndi ku Malaya?

A nkhondo yachiwiri atsala owerengeka m'dziko lonse lino, ndipo amene alipo ali pafupi zaka 100 kapena kupitirira. Koma akazi awo ena alipo, ana awo alipo, ndipo nyimbo zimene bambo ankaimba posenga udzu kapena pokonza njinga akuzikumbukira. Aliponso asilikali opuma a Malawi Army amene adalondera njanji ya ku Nacala nthawi ya nkhondo ya Mozambique, ndi ena amene adabwerako ku ntchito yosungitsa mtendere ku Congo. Tsidya ili la Mozambique kulinso amuna ndi amayi amene adagwira mfuti m'nkhondo za kwawo, ndipo nawonso ali ndi nyimbo zawo. Hugh Tracey ankafunika galimoto yodzaza makina kuti ajambule nyimbo imodzi. Inu muli ndi makina oposa amenewo m'thumba, foni yomweyo imene mumafunsira mtengo wa kachewere ku Blantyre.

Choncho pempho langa ndi ili. Aphunzitsi, teremu ino isanathe, tumani ophunzira anu awiriawiri kwa msilikali wopuma kapena kwa banja la msilikali amene adatisiya. Ana inu, mukafika musayambe ndi kufunsa kuti adapha anthu angati. Funso limenelo limatseka pakamwa pa munthu, ndipo si laulemu. Pemphani chilolezo, khalani pansi, funsani za nyimbo, za gule, za chida chimene ankaimba, ndipo akayamba kuimba musawadule. Lembani dzina lawo, mudzi wawo, gulu limene adali ndi tsiku limene mwajambula. Zojambulazo zisungidwe pasukulu, zina zipite ku banjalo. Mafumu athu, tithandizeni kutchula makomo amene ana awa ayenera kufikako, poti inu ndi amene mukuwadziwa. Ndipo chaka chamawa tikadzakumananso pa tsiku ngati lino, tidzapatule nthawi yoti nyimbo zimenezo zidzaimbidwe pano pa Biriwiri, eni ake kapena ana awo atakhala kutsogolo.